Harry Holt, Woceka Matabwa Amene Analindira Ana a ku Korea

Mwezi uno tifuna kusimbira owerenga athu mbiri ya munthu amene sanali mbusa, kapena mphunzitsi, kapena dotolo, koma mlimi ndi woceka matabwa wa ku America, dzina lace Harry Holt. Anamwalira caka ca 1964, koma nchito imene anaiyamba inasanduliza moyo wa anthu zikwi zambiri, ndipo kufikira lero anthu asiyana maganizo pa iyo. Tiyesa nkwabwino kuti Akristu aimve yonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Poyamba timasulire kanthu kamene kangazizwitse ena. Kwathu kuno mwana akafedwa amace sasowa pogona: alipo malume, alipo agogo, alipo amai ang'ono, ndipo mwanayo akhalabe wa pfuko lace, nakula ndi cinenero cimene anabadwa naco. Koma m'maiko ena muli lamulo lakuti munthu akhoza kutenga mwana amene sali mbale wace, namka naye ku bwalo la milandu, ndipo woweruza alemba kuti kuyambira tsiku lomwelo mwanayo ndi wace. Amucha dzina la banja lace, ndipo adzalandira colowa monga mwana wobala. Mwanayo akakhala wa dziko lina mlandu ukula, pakuti maboma awiri ayenera kubvomerezana. Makalata acuruka, ndi miyezi ipita anthu ali cilindirire.

Harry Holt anabadwa caka ca 1904. Mu 1927 anakwatira Bertha, mkazi wophunzira nchito yosamala odwala, ndipo analima tirigu ku dera la South Dakota. Cirala citaononga minda ya kumeneko, anasamuka mu 1937 kumka ku Oregon, kufupi ndi nyanja yaikuru ya kumadzulo, namanga pa mudzi wa Creswell. Dziko limenelo nla nkhalango, ndipo Harry anaimika makina oceka matabwa, nalemera nao. Mulungu anawapatsa ana 6. Mu 1950 nthenda ya mtima inamgwetsa mwadzidzidzi, ndipo anayandikira imfa. Pamene anadzuka anayesa masiku ace otsala ngati obwereka, nayamba kupempha Mulungu kuti amuonetse comwe anamsiyira ndi moyo. Zinapita zaka 4 asanaone kanthu. Kumeneko ndiko kulindira kwace koyamba, ndipo kawirikawiri osimba mbiri yace akulumpha msanga.

Caka comweco ca 1950 inabuka nkhondo ku Korea, dziko la kum'mawa kwa Asia, niinatha mu July 1953. Asilikari ambiri a ku America ndi a maiko ena anamka kukamenya nkhondoyo, ndipo pobwerera kwao anasiya ana amene anabala ndi akazi a m'dzikomo. Ana amenewa anali pa tsoka lalikuru. Ku Korea munthu anali kuwerengedwa ndi mzere wa atate wace, ndipo mwana wopanda atate wa m'dzikomo analibe pomlemba. Nkhope yace ndi tsitsi lace zinali kumuulula, anzace namtoza, ndi amace ananyozedwa naye pamodzi.

Mu December 1954 Harry ndi Bertha anamka ku msonkhano mu mzinda wa Eugene. Wolankhula anali Bob Pierce, mlaliki amene anayambitsa bungwe la World Vision, ndipo anaonetsa zithunzithunzi zoyenda za ana amenewo. A Holt anabwerera kwao mitima ili yosweka, nayamba kutumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Koma ndalama sizinawapumitse mtima. Bertha anasimba pambuyo pace m'buku lace lochedwa The Seed from the East kuti yense wa iwo analikusinkhasinkha payekha za kutenga ana, osauza mnzace, poopa kuti adzamuyesa wopenga. Pakuti onse awiri anali a zaka 50, ndi mwamunayo wodwala mtima. Tsiku limene anaululirana, anapeza kuti onse awiri anawerenga m'mtima ciwerengo cimodzimodzi, ndico ana 8.

Pamenepo panaoneka copinga. Lamulo la America la 1953 linalola banja limodzi kulowetsa m'dziko ana amasiye awiri okha. Kuti 8 alowe, panafunika kuti bwalo lalikuru la malamulo, limene alicha Congress, lipange lamulo lapadera la banja limodzi lokha. Abale, talingalirani mlimi wa kumudzi kupempha akuru a dziko lonse kuti aleke milandu yao yaikuru ndi kumva wace. Koma anagawana nchito: Harry anauka kumka ku Korea kumapeto a May 1955 lamulolo lisanakhalepo, ndi Bertha anatsala ku Creswell ndi ana ndi ziweto, kuti alembe makalata.

Pa ulendowo anagona usiku m'nyumba ya alendo ku Tokyo, m'dziko la Japan, ndipo mantha anamgwira, pakuti sanadziwa ngati ulendowo unali wa Mulungu kapena wa kufuna kwace. Anatsegula Buku Lopatulika mu mdima, naika cala cace, ndipo atayatsa nyali anapeza kuti caloza pa Yesaya 43, pamene Yehova aletsa anthu ace kuopa, nalonjeza kusonkhanitsa ana ao kucokera kum'mawa ndi ku malekezero a dziko. Analira, nalimbika mtima. Ife sitiphunzitsa a m'kalasi kufunsira pa Buku Lopatulika motero, monga ngati ndi ula, ndipo mau ajawo ananenedwa poyamba za Israyeli wa mu ukapolo. Koma ticita umboni kuti munthuyo anagwira mauwo masiku ace onse, ndipo sanabwerera m'mbuyo.

Tsono inayamba miyezi yolindira. Harry anali ku Seoul, mzinda wopasuka ndi nkhondo, nayendayenda m'nyumba za ana amasiye, nasankha ana amuna 4 ndi akazi 4, onse ang'onoang'ono, ena oyamwa. Anali kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, osadziwa ngati adzaloledwa kucoka nao. Bertha kwao anapempha anansi ndi abwenzi kuti alembere akuru a boma. Ndipo awiri a ku Oregon okhala m'bwalo lija, Richard Neuberger ndi Edith Green, ananyamula mlanduwo. Coopsa cinali nyengo, pakuti bwalo linati litsekedwe kuciyambi kwa August, ndipo likadatsekedwa mlandu usanathe, anawo akadakhala kufikira caka cinzace. Bertha analibe mphamvu ya kufulumiza akuru a ku Washington. Cimene anakhoza ndico kulemba, kupemphera ndi ana ace, ndi kukonza pogona pa ana amene anangoona zithunzi zao. Ife tiyesa kuti cikhulupiriro ca mkaziyo cioneka bwino pa zogona zija, zoyalidwa lamulo lisanaturuke.

Lamulolo linabvomerezedwa masiku owerengeka bwalo lisanatsekedwe, ndipo Prezidenti Eisenhower analembapo dzina lace mu August. Ngakhale pamenepo inapitanso miyezi iwiri ya makalata a ulendo. Pa 14 October 1955 Harry anatsika m'ndege ku Portland ndi ana 12: ace 8, ndi 4 a mabanja ena. Olemba nkhani anali pomwepo, zithunzi zinafalikira dziko lonse, ndipo makalata anayamba kufika ku Creswell mazanamazana, a anthu ofuna nawonso mwana wa ku Korea.

Mbiri ikadathera apa ikadakhala yokoma kusimba pa moto madzulo. Koma apa ndi pamene itembenuka, ndipo tipempha owerenga asatope.

Mu 1956 Harry anabwerera ku Korea, nayambitsa bungwe lochedwa Holt Adoption Program, nathira cuma cace m'menemo. Munthu amene analindira zaka 4 kuti adziwe nchito yace, ndi miyezi yambiri kuti alandire ana ace, tsopano sanakhozanso kupirira kucedwa. Cifukwa cace ticimvetsa. Anaona makanda alikufa ndi kutsegula m'mimba ndi cifuwa cacikuru, ndipo anadziwa kuti mwana wodwala sadikira makalata. Ndiponso lamulo lija la 1953 linati lithe mphamvu pa 31 December 1956. Cotero anagwiritsa njira ya cidule: banja la ku America linali kumtumizira kalata yompatsa mphamvu, iye naima m'malo mwao ku Korea, ndipo mwana anasanduka wao asanamuone ndi maso. Anabwereka ndege zathunthu, nagoneka makanda m'mabokosi a mapepala olimba, ambiri pa ulendo umodzi. Posankha mabanja, cacikuru cimene anafunsa ndico ngati ali Akristu otembenuka mtima.

Anthu ophunzira nchito yoyang'anira ana amasiye anatsutsana naye kolimba. Iwo anati banja liyenera kuyesedwa bwino, ndi kuyenderedwa miyezi ingapo mwana atalowamo, pakuti munthu akhoza kulemba cibvomerezo cokoma pa pepala, nakhala wankhanza m'nyumba mwace. Harry anawayesa ocedwetsa, osamala mapepala koposa moyo. Onse awiri anali ndi coonadi cao. Ana ambiri amene akadafa anakhala ndi moyo, nakula m'mabanja owakonda. Koma ena anafera pa ulendo, ndi ena anagwa m'manja oipa popanda wowayang'anira. Mu 1961 boma la America linakonza lamulo, ndi njira ya cidule ija inatsekedwa.

Palinso cina colemera koposa. Ambiri a ana aja sanali amasiye konse, amai ao anali ndi moyo. Harry ndi anchito ace anali kuyenda m'midzi ya pafupi ndi misasa ya asilikari, nalankhula ndi akaziwo kuti apereke ana ao, powauza kuti ku Korea mwana wotere alibe tsogolo. Iye mwini analemba m'makalata ace za kulira kwa amai ndi ana pa kulekana, ndipo kunamlasa mtima, koma anakhulupirira kuti acita cokomera mwanayo. Boma la Prezidenti Syngman Rhee linakondwera kuti ana a mitundu iwiri acoke m'dziko. Ife amene tidziwa kuwawa kwa mai wofedwa mwana mmodzi sitikhoza kupitirira akazi amenewa osaima. Kulindira kwa Bertha kunatha pa bwalo la ndege ku Portland, ndi anthu anakuimbira m'manja. Kulindira kwa amai a ku Korea kunayamba tsiku limene mwana anacoka, ndipo ambiri anatsikira kumanda osamva ngati mwanayo ali moyo.

Zaka zace zotsiriza Harry anazipereka kwa ana amene panalibe wowafuna, ndiwo opunduka ndi odwala. Mu 1961 anayamba kumanga mudzi wao pa Ilsan, kumpoto ca kumadzulo kwa Seoul, nagwira nchito ya kusalaza malo ndi manja ace monga anazolowera ku nkhalango za Oregon, angakhale mtima wace unali wofoka. Pa 28 April 1964 nthendayo inamgwiranso, namwalira ali ndi zaka 59. Anamuika pa phiri la pa Ilsan pomwepo.

Khomo limene anatsegula silinatsekeka ndi imfa yace. Mabungwe ena anaonjezeka, ndipo m'kupita kwa zaka otumizidwa sanalinso ana a asilikari, koma makamaka ana a akazi osakwatiwa ndi a mabanja osauka. Mu caka cimodzi ca 1985 anaturuka m'dzikomo ana oposa 8,000, ndipo onse pamodzi kuyambira nkhondo ija awerengedwa ngati 200,000. Atakula, ambiri anabwera kudzafuna amai ao, ndipo ena anapeza kuti makalata ao analembedwa monama. Anthu 367 otere anadandaula ku bungwe lofufuza zoona limene boma la South Korea linaika. Ndipo mu March 2025 bungwelo linanena poyera kuti boma linalakwa posayang'anira nchitoyo, kuti ana ena okhala ndi makolo analembedwa ngati otayidwa, ndi kuti ena anatumizidwa ndi dzina la mwana wina. Zambiri za izi zinacitika Harry atamwalira kale, ndipo sikuyenera kumsenzetsa zonse. Komanso sitinganene kuti kufulumira kumene iye anayamba kunalibe gawo pa izo.

Bertha anatsogolera nchitoyo mwamuna wace atapita, ndipo ku Korea ndi ku America komwe anali kumucha Agogo Holt. Anamwalira ku Creswell mu July 2000 ali ndi zaka 96, ndipo mtembo wace unaoloka nyanja kukaikidwa pa mbali pa mwamuna wace. Mwana wao wamkazi Molly, amene anaphunzira nchito ya amace, anafika ku Korea mu 1956 ali namwali, nakhala zaka zambiri pa Ilsan, m'nyumba imodzi ndi opunduka amene sanatengedwa ndi banja liri lonse. Ena a iwo anafika ali makanda, namera imvi ali pomwepo. Iye anamwalira mu May 2019.