SIR THOMAS FRASER, AMENE ANAPEZA MANKHWALA M'ULEMBE

Aphunzitsi onse adziwa mbiri ya Dr. Livingstone, koma ndi owerengeka amene anamva za Thomas Fraser, cinkana nchito yace yaikuru inacokera ku mibvi ya alenje a m'cigwa ca Shire.

Fraser anabadwira ku Calcutta, m'dziko la India, m'caka ca 1841, naphunzira udotolo pa Yunivesite ya Edinburgh ku Scotland. Potsiriza maphunziro m'1862 analemba za nyemba ya ku Calabar, imene anthu a ku Nigeria anali kumwetsa oganiziridwa ufiti, monga makolo athu anacitira ndi mwabvi. Kuyambira pomwepo mtima wace unakhala pa zomera zakupha. M'1877 anamuika mphunzitsi wamkuru wa za mankhwala pa Yunivesite yomweyo.

Paulendo wa Livingstone wa pa Zambezi, Dr. John Kirk anaona Amang'anja alikupaka pa mibvi yao ulembe wa njere za kombe. Tsiku lina kamswaci kace ka mano kanakhudzana ndi kombe m'thumba. Atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, ndipo pambuyo pace anazindikira kuti mtima wace ulikugunda pang'onopang'ono. Mbiri imeneyi ndi njere zomwe zinafika ku Edinburgh.

M'njere imodzi muli zinthu zambiri zosanganikirana, ndipo Fraser anafuna kupatula cimodzi cokha cimene cigwira mtima. Anasinja njerezo, nacotsa mafuta ace, naziviika m'mowa waukali umene usungunula ulembe, nasefa, naphwetsa madziwo, kubwereza-bwereza kufikira kunatsala kaufa kowawa kopambana. Kaufako anakacha strophanthin. Pofuna kudziwa cimene kali, anakatenthetsa pamodzi ndi asidi, ndipo kanagawika pawiri: shuga ndi cinthu cina. Mphamvu yace anaiyesa pa mitima ya acule, nalemba muyeso uli wonse. Anaona kuti wambiri uumitsa mtima, koma wocepetsetsa ulimbitsa mtima wofoka kuti ugunde mwamphamvu ndi mosafulumira.

Nchitoyi inadya zaka zoposa 15. M'1885 anauza madotolo anzace kuti angathe kupatsa odwala mtima mankhwalawo, ndipo njere za kombe zinasanduka malonda ocokera ku Nyasaland. Anapatsidwa ulemu wa Sir m'1902, namwalira ku Edinburgh m'1920. Lero strophanthin wasiyidwa m'zipatala zambiri, popeza kunabwera mankhwala ena, koma njira yopatula ndi kuyesa zinthu za m'zomera iphunzitsidwabe m'mayunivesite.

Abale aphunzitsi, taonani kumene nzeru iyi inayambira. Alenje ndiwo anadziwa mphamvu ya kombe. Fraser anaonjezapo kuleza mtima ndi muyeso. Cifukwa cace tisapeputse zimene akuru a m'midzi adziwa za mitengo, koma tizifunse ndi kuzilemba. Ndiponso ticenjeze ana athu kolimba kuti asalawe njere kapena muzu wosadziwika, pakuti cimene ciciritsa pa muyeso wa dotolo cipha m'manja mwa wosadziwa.