Sam Snead: katswiri wa gofu amene ankadalira mapazi

Mukafika pamsika wa Lirangwe kapena kwa Chileka, mumaona amayi atasenza dengu la tomato osaligwira, koma osagwetsa ndi mmodzi yemwe. Chinsinsi chawo si mphamvu ayi, koma kukhazikika kwa thupi. Luso lomweli ndi limene linatchukitsa Sam Snead pamasewero a gofu.

Snead anabadwa pa 27 May 1912 ku Ashwood, dera la mapiri m'chigawo cha Virginia ku America. Ali ndi zaka 7 anayamba ganyu yonyamulira anthu ndodo za gofu pahotela ya The Homestead. Poti kwawo kunali kosauka, ankasema yekha ndodo za nthambi za mitengo n'kumayeserera osavala nsapato.

Kusowa nsapatoko kunamupindulira. Pomenya mpira wa gofu, wosewera amaima motangadza pang'ono. Akamakweza ndodo, thupi limatsamira mwendo wakumbuyo, ndipo akamaitsitsa limasamukira mwendo wakutsogolo. Akadzandira pang'ono pokha, mpira umalowera kutchire. Munthu wopanda nsapato akamenya mwaukali amaterereka, motero Snead anazolowera kumenya mofatsa, mapazi atagwira nthaka. Ngakhale atatchuka, zinthu zikamavuta ankavula nsapato poyeserera kuti thupi likumbukire.

Zotsatira zake zinaoneka. Iye anapambana mipikisano 82 ya PGA Tour, chiwerengero chomwe Tiger Woods anadzachifika mu 2019. Anatenga chikho cha Masters mu 1949, 1952 ndi 1954, cha PGA Championship mu 1942, 1949 ndi 1951, komanso cha British Open ku St Andrews mu 1946.

Komatu kukhazikika kwa miyendo pakokha sikukwanira, mtima nawo umafunika kudekha. Mu 1939 chikho cha US Open chinali chitatsala pang'ono kukhala chake, koma padzenje lomaliza anamenya mwaphuma mpaka anafika ka 8 mpira usanalowe, chikho n'kupita kwina. Mpikisanowu sanaupambanepo moyo wake wonse, ngakhale anakhala wachiwiri kanayi. Atabwera ku South Africa atangopambana ku St Andrews, Bobby Locke anamugonjetsa ka 12 pamasewero 16.

Chomwe anzake sanamupose ndi kukhalitsa. Chifukwa sankakakamiza thupi, mu 1965 anapambana mpikisano wa Greater Greensboro Open ali ndi zaka 52. Mu 1979, ali ndi zaka 67, anamaliza maenje 18 pomenya ka 67, kenaka ka 66, pampikisano wa Quad Cities Open.

Snead anamwalira pa 23 May 2002, kutatsala masiku anayi kuti akwanitse zaka 90. Anyamata onyamula ndodo ku Blantyre Sports Club asadziderere: naye anayambira pomwepo, mapazi ali pansi.