Samuel Colt, dokotala wabodza yemwe adalemera ndi mfuti

Mu Epulo 2018, pa okishoni ya kampani ya Rock Island ku America, mfuti imodzi ya m'manja idagulidwa pamtengo wa madola 1.84 miliyoni. Mfutiyo idapangidwa m'chaka cha 1847, ndipo woyamba kuigula adali kaputeni wina wa sitima ya pamadzi wa ku Denmark. Kwa zaka zambiri idasungidwa m'banja lake ili m'kabokosi kake komwe idagulidwira.

Nkhani zotere ndizo zimachititsa mabanja a ku America ndi ku Ulaya kuthamangira kwa akatswiri akangopeza mfuti yadzimbiri m'sutikesi ya malemu agogo. Mafunso amakhala omwewo: adaipanga ndani, liti, nanga ingagulidwe ndalama zingati? Ambiri amabwerako manja ali m'khosi. Koma mayankho a mafunsowa nthawi zambiri amapezeka m'mbiri ya munthu yemwe dzina lake lidadindidwa pachitsulocho, Samuel Colt.

Colt adabadwa pa 19 Julaye 1814 mumzinda wa Hartford m'chigawo cha Connecticut. Mayi ake adamwalira ndi chifuwa chachikulu iye asadakwane zaka 7. Bambo ake, Christopher, adali ndi fakitale ya nsalu ku Ware m'chigawo cha Massachusetts, ndipo m'menemo ndi momwe mnyamatayu adazolowera makina ndi mankhwala.

Sukulu siidamuyanje. Mtima wake udali pa onga. M'chaka cha 1829, patsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo, adamema anthu kuti adzamuone akuphulitsa kabwato ka mitengo padziwe. Bomba lidaphulika ndithu, koma lidaphonya kabwatoko n'kuthira matope anthu omwe adatchena zovala za chikondwerero. Chaka chotsatira adachoka pasukulu ya Amherst Academy masewera ake a onga atabutsa moto.

Atatopa naye, bambo ake adamukweza sitima yotchedwa Corvo yopita ku Calcutta m'dziko la India kuti akaphunzire ntchito ya pamadzi. Adali ndi zaka 16. Paulendowu ndi pomwe adasema ndi mpeni tizidutswa ta mtengo toonetsa mfuti yomwe idali m'mutu mwake.

Masiku amenewo mfuti zambiri zidali ngati gogodera. Munthu ankathira onga, kutsendera chipolopolo, kuwomba kamodzi, kenako n'kuyambiranso mdani kapena chilombo chikuyandikira. Nzeru ya Colt idali yoika kumbuyo kwa mpope kamgolo ka mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse lili ndi onga ndi chipolopolo chake. Munthu akakoka kanyundo ndi chala chachikulu, kamgoloko kankazungulira kokha n'kuima molunjika ndi mpope. Mfuti yotere ndiyo imatchedwa revolver.

Kunena zoona, sadali woyamba kuganiza zimenezi. Elisha Collier adali atalembetsa kale mfuti ya kamgolo ku Britain mu 1818, koma yake munthu ankachita kuzunguliritsa ndi dzanja.

Chomwe chinkamusowa Colt ndi ndalama. Apa ndi pomwe adadziveka udokotala womwe sadauphunzire. Ankayenda m'mizinda ya ku America ndi Canada akudzitcha Dr Coult, n'kumalipiritsa anthu kuti apume mpweya woseketsa wa nitrous oxide anzawo akuonerera. Ndalama za chionetserocho ankalipirira amisiri omusulira mfuti zoyeserera, makamaka John Pearson wa ku Baltimore, yemwe ankadandaula kawirikawiri kuti malipiro akuchedwa.

Adalembetsa umwini wa luso lakeli ku Britain mu 1835, ndipo ku America pa 25 Febuluwale 1836. Chaka chomwecho iye ndi anthu ena a ndalama adatsegula fakitale ku Paterson m'chigawo cha New Jersey. Malonda sadayende. Mfutizo zidali zodula komanso zosachedwa kuonongeka, ndipo akuluakulu a asilikali adazikana. Pofika 1842 kampani idagwa. Ngati kuti sizidakwane, mkulu wake John adaweruzidwa kuti anyongedwe atapha munthu ku New York, ndipo adapezeka atafa m'chitokosi patsiku lomwe amayenera kunyongedwa.

Chodabwitsa n'choti mfuti za ku Paterson, zomwe zidagwetsa kampani kaamba kosowa ogula, lero zili m'gulu la zodula kwambiri chifukwa zidapangidwa zochepa.

Mwayi udatulukira ku Texas. Asilikali a pahatchi otchedwa Texas Rangers adagwiritsa ntchito mfuti za Paterson mu 1844 polimbana ndi Amwenye a mtundu wa Comanche, ndipo adaona kuti anthu ochepa angathe kugonjetsa chigulu. Kwa a Comanche, omwe ankateteza dziko la makolo awo, ichi chidali chiyambi cha mavuto aakulu. Nkhondo ya America ndi Mexico itabuka mu 1846, mmodzi mwa asilikali aja, Kaputeni Samuel Walker, adafunafuna Colt ndipo boma lidaitanitsa mfuti 1,000.

Mkuluyu adalibe fakitale, adalibe ngakhale makina. Adavomerabe, n'kukapangitsa mfutizo kufakitale ya Eli Whitney Jr. Zonse pamodzi zidalipo 1,100, ndipo 100 mwa izo zidali zogulitsa kwa anthu wamba. Idali chimfuti cholemera makilogalamu awiri, ndipo zambiri zidaphulika timigolo chifukwa cha kuchuluka kwa onga. Walker mwini adaphedwa kunkhondo ku Mexico mu Okutobala 1847. Mfuti ya kaputeni wa ku Denmark ija ndi imodzi mwa 100 zija.

Kuchokera apo Colt sadacheukenso. Adabwerera kwawo ku Hartford, adalemba ntchito katswiri wa makina Elisha Root mu 1849, ndipo mu 1855 adatsegula chifakitale m'mbali mwa mtsinje wa Connecticut. Cholinga chake chidali choti makina azipanga zitsulo zofanana, osati mmisiri aliyense kusula mwa iye yekha. Komabe pomaliza pankafunika dzanja la munthu kuti zitsulozo zilumikizane bwino, choncho nambala imodzi inkadindidwa pazigawo zingapo za mfuti imodzi: pathupi, pampope, pakamgolo, pachogwirira ndi pakachitsulo kotchinga chokokera.

Manambala amenewa ndiwo katswiri amayamba kuyang'ana lero. Akafanana onse, ndiye kuti mfutiyo ili momwe idatulukira kufakitale. Akasiyana, wina adaphatikiza zitsulo za mfuti ziwiri kapena zitatu, ndipo mtengo umatsika kwambiri. Nambala imathandizanso kudziwa chaka, koma munthu ayambe wadziwa mtundu wa mfutiyo, poti kawirikawiri mtundu uliwonse unkakhala ndi mndandanda wakewake wa manambala.

Mtundu umadziwika ndi kukula kwake komanso chithunzi chozokotedwa pakamgolo. Yaing'ono ya m'thumba ya 1849 ili ndi chithunzi cha achifwamba akuukira ngolo ya apaulendo, pomwe ya 1851 yotchedwa Navy ili ndi sitima zikumenyana panyanja. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amakhumudwira. Ya 1849 idapangidwa yoposa 300,000 ndipo ya 1851 yoposa 200,000 ku Hartford kokha, choncho ukalamba wokha suisandutsa chuma. Ikakhala yadzimbiri, chithunzi chitafufutika, mtengo wake suyandikira n'komwe wa Walker.

Pamwamba pa mpope pamakhala dzina la Colt ndi mzinda. Zambiri zidalembedwa New York ngakhale zidapangidwira ku Hartford. Zolembedwa London zidachokera kufakitale yomwe adatsegula ku Britain atagometsa anthu pachionetsero chachikulu cha mumzindawo cha 1851. Fakitaleyo idatsekedwa mu 1856, ndipo mfuti zake zili ndi tizidindo ta korona toonetsa kuti zidayesedwa kumeneko.

Pankhani yotsatsa malonda, dokotala wabodza uja sadasinthe. Adapeza udindo wa Colonel kwa bwanamkubwa wa Connecticut ngakhale sadapiteko kunkhondo. Adalipira wojambula zithunzi George Catlin kuti azidzijambula akusaka nyama atagwira mfuti ya Colt. Ankapereka mfuti zokongoletsedwa ndi golide kwa mafumu, kuphatikizapo Nicholas I wa ku Russia. Ndipo sankasankha kasitomala. Pankhondo ya ku Crimea adachita malonda ndi Britain komanso ndi Russia, omwe ankamenyana. Kwawo adapitiriza kutumiza mfuti kuzigawo za kumwera, zomwe zinkaumirira ukapolo, mpaka nkhondo ya pachiweniweni idayamba mu 1861, ndipo nyuzipepala zina za kumpoto zidamunena kuti ndi wogulitsa dziko. Mbali iyi ya mbiri yake ndi yovuta kuiikira kumbuyo.

Ngakhale adali wochenjera chotere, adaphonya chinthu chimodzi chachikulu. Wantchito wake Rollin White adabwera ndi nzeru yoboola kamgolo mpaka kumbuyo, yomwe idadzatheketsa kulowetsa chipolopolo chokhala kale ndi onga wake m'kachigoba ka chitsulo. Colt adaikana. White adailembetsa yekha mu 1855, n'kugwirizana ndi kampani ya Smith & Wesson, ndipo kampani ya Colt idadikira mpaka 1869 kuti umwiniwo uthe. Ichi ndi chizindikiro chosavuta kwa wofuna kudziwa zaka. Mfuti ya Colt yolowetsa zipolopolo za masiku ano chakumbuyo siidatuluke m'fakitale mwini wake ali moyo, pokhapokha ikhale yakale yomwe idasinthidwa pambuyo pake. Ngakhale ija yotchuka m'mafilimu a makaubozi ndi ya 1873.

Colt adakwatira Elizabeth Jarvis mu 1856. Mwa ana awo, Caldwell yekha ndiye adakula. Bamboyu adamwalira pa 10 Januwale 1862 atavutika ndi matenda otupitsa mfundo, ali ndi zaka 47, ndipo adasiya chuma cha madola pafupifupi 15 miliyoni.

Mu Febuluwale 1864 moto udanyeketsa mbali yaikulu ya fakitale pamodzi ndi zolemba zina za kampani. N'chifukwa chake kalata yomwe nthambi yosunga mbiri ya Colt imalembera eni mfuti, yonena tsiku lomwe mfuti idatumizidwa ndi komwe idapita, siipezeka pa mfuti zambiri za zaka zoyambirira. Zikatero, risiti, kalata kapena chithunzi chakale chosungidwa m'banja chimakhala cha mtengo kuposa nkhani ya pakamwa.

Palinso zotengera. Colt ali moyo, amisiri a ku Liège m'dziko la Belgium ankapanga kale mfuti zofanana ndi zake, ndipo kuyambira cha m'ma 1959 makampani a ku Italy monga Uberti apanga zambirimbiri. Za ku Italy zimakhala ndi zidindo za kumeneko, koma atambwali amazipala n'kuichititsa dzimbiri mfutiyo kuti ioneke yakale.

Akatswiri amaletsa kuikwecha ndi sandipepa kapena kuipakanso utoto, chifukwa khungu lake lakale ndilo ogula amalipira. Amachenjezanso kuti zina zimapezeka zikadali ndi onga m'mabowo, ndipo onga wakale umatha kuphulika ngakhale patapita zaka 100. Kuno ku Malawi kusunga mfuti kumafuna chiphaso, choncho woipeza m'katundu wa malemu ayambe wafunsa kupolisi.

Elizabeth adamanganso fakitale ija ndipo adakhala mwini wake wamkulu mpaka 1901. Pomwalira mu 1905 adasiya mfuti za mwamuna wake kunyumba yosungira zakale ya Wadsworth Atheneum ku Hartford, kuphatikizapo zoyeserera zija zomwe zidasulidwa ndi ndalama za mpweya woseketsa.