Allan Cormack, mkulu wa masamu a CT scan

Sabata yatha ndinaperekeza azakhali kukajambulidwa pa CT scan, madokotala akukayikira khansa. Tili pabenchi, ndinayamba kufufuza pafoni kuti makinawa anachokera kuti. Abale inu, kani nkhani yake inayambira ku Joni komweku!

Allan Cormack anabadwira ku Johannesburg mu 1924. Anaphunzira fizikisi pa yunivesite ya Cape Town, kenako anapita ku Cambridge, n'kubwerako PhD osamaliza. Ine amene ndinasiyira yunivesite panjira, pamenepo ndinakhala tsonga.

Mu 1956 ankathandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, komwe ankawotcha khansa ndi cheza. Vuto linali lakuti X-ray wamba amaunjika fupa, mnofu ndi chotupa pachithunzi chimodzi, ndiye mlingo wa cheza ankangoyerekeza. Cormack anapeza masamu ophatikizira X-ray wochokera mbali zambirimbiri, kuti m'kati mwa thupi muzioneka ngati buledi wodulidwadulidwa.

Atasamukira ku yunivesite ya Tufts ku America, anasindikiza ntchitoyi mu 1963 ndi 1964. Anzake asayansi kuli ziii, osalabadira n'komwe. Kenako Godfrey Hounsfield wa ku Britain, asakudziwa za Cormack, anapanga makina amene anajambula wodwala woyamba mu 1971. Mu 1979 awiriwa anagawana mphoto ya Nobel.

Cormack anamwalira mu 1998, ndi khansa yomweyo.

Zotsatira za azakhali zituluka Lachisanu, ndipo kunyumba tulo tikusowa. Koma ngati muli chotupa, dokotala achiona pomwe chili asanagwire mpeni, chifukwa cha masamu amene anakhala zaka popanda wowafuna.