Arthur Ashe, Ngwazi ya Tenisi

Ana a ku Lisungwi, m'boma la Neno, monganso anzawo a m'madera ena a dziko lino, amadziwa bwino mpira wamiyendo ndi wamanja. Koma alipo masewera ena otchedwa tenisi, amene kuno kwathu amapezeka makamaka m'mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe. Pa masewerawa anthu awiri amaima moyang'anana, pakati pawo pali ukonde, n'kumamenyerana kampira ndi chomenyera chokhala ndi zingwe zolukanalukana. Wolephera kubweza kampirako, kapena wokamenyera kunja kwa mzere, ndiye kuti waphonya. M'nkhani ino timva za munthu wina wakuda amene adakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala ngwazi ya masewerawa.

Arthur Ashe adabadwa pa 10 Julaye 1943 mumzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia, ku Amereka. Amayi ake adamwalira iye ali ndi zaka 6 zokha. Bambo ake ankayang'anira malo a masewera otchedwa Brook Field, ndipo nyumba yawo idali pomwepo. Masiku amenewo kuderalo kudali tsankho loopsa. Anthu akuda adali ndi sukulu zawo ndi mabwalo awoawo, ndipo sankaloledwa kusewera pa mabwalo a azungu. Brook Field adali malo a anthu akuda. Pamenepo ndi pomwe Arthur, kamnyamata koonda ngati bango, adayamba kumenya kampira ali ndi zaka 7.

Atakwana zaka 10 adatumizidwa ku Lynchburg kwa Dokotala Robert Walter Johnson. Dokotalayu adali ndi bwalo la tenisi pakhomo pake, ndipo pa tchuthi ankasunga ndi kuphunzitsa ana akuda aluso. Malamulo ake adali okhwima. Mwana sankaloledwa kukangana ndi woweruza kapena kuonetsa mkwiyo pa bwalo. Pa mipikisano ya ana, pomwe osewera ankadziweruza okha, mpira ukagwa pokayikitsa pafupi ndi mzere, ana a Johnson ankayenera kuuweruza mokomera mnzawo wopikisana naye.

Lamuloli lidali lowawa, pakuti nthawi zina mwana ankataya chimene chidali chake ndithu. Koma dokotalayo ankadziwa kuti okonza mipikisano ena ankangofuna chifukwa chothamangitsira ana akuda. Mwana mmodzi akadalusa, khomo likadatsekekera onse. Tsono Arthur adaphunzira kumeza mkwiyo ndi kulola kuti luso lake limuyankhulire. Paja akuluakulu adati m'mera mpoyamba: khalidwe limeneli adakula nalo mpaka imfa.

Popeza ku Richmond sankaloledwa kupikisana ndi azungu, mu 1960 adasamukira ku St. Louis komwe adatsiriza maphunziro a sekondale. Kenaka adapeza malo pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles. Mu 1963 adasankhidwa kuimira dziko lake pa mpikisano wa maiko wa Davis Cup, ndipo adali munthu wakuda woyamba kulowa m'timu ya Amereka imeneyi. Mu 1968, ali msilikali, adapambana mpikisano waukulu wa US Open atagonjetsa Tom Okker wa ku Netherlands. Mphotho ya madola 14,000 sadailandire, chifukwa pa nthawiyo adali asanalembetse kukhala wosewerera ndalama. Mu 1970 adatenganso chikho cha Australian Open.

Tsiku lalikulu pa moyo wake lidali la 5 Julaye 1975, pa mpikisano wa Wimbledon ku London. Ashe adali ndi zaka 31. Wopikisana naye, Jimmy Connors, adali ndi zaka 22, ndipo ndiye adatenga chikhocho chaka chapitacho. Connors ankamenya mpira mwamphamvu zedi, ndipo mpira wobwera mwaliwiro ankaubweza mwaliwiro loposa. Anthu ambiri ankati Ashe agonja msanga.

Koma Ashe adali atalingalira mofatsa. Adaona kuti kulimbana ndi Connors pa mphamvu kudali ngati kuthira nkhuni pamoto. Motero adayamba kumpatsa mipira yofewa, yoyenda m'munsi, ina yokhotera kumbali, ina yodutsa pamwamba pa mutu. Connors adasokonezeka nayamba kumenyera mu ukonde. Pa nthawi yopuma Ashe ankangokhala phee pa mpando, atatsinzina. Mwa zigawo zinayi zimene adasewera, iye adapambana zitatu, nakhala mwamuna wakuda woyamba kutenga chikho cha Wimbledon. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1976 dzina lake lidafika pa nambala 2 pa mndandanda wa akatswiri a tenisi a dziko lonse lapansi.

Kudekha kwake sikudali mantha. Ashe ankadana ndi tsankho la ku South Africa, dziko limene Amalawi ambiri ankapitako kukagwira ntchito m'migodi. Boma la kumeneko lidamukaniza kangapo kulowa m'dzikomo. Litamulola mu 1973, adasewera ku Johannesburg ndipo adapita ku Soweto kukaphunzitsa ana tenisi. Mu 1985 adamangidwa ku Washington pochita zionetsero zotsutsa tsankholo. Adathandizanso ana a kuno ku Afirika. Mu 1971, ali ku Cameroon, adaona luso la mnyamata wa zaka 11, Yannick Noah, ndipo adamuthandiza kupita ku France kukaphunzira. Noah adadzapambana mpikisano wa French Open mu 1983.

Mu 1979 Ashe adadwala matenda a mtima, ndipo chaka chotsatira adaleka kusewera. Mu 1988 adapezeka ndi kachilombo ka HIV. Madokotala adakhulupirira kuti adakatenga m'magazi amene adalandira pa opaleshoni ya mtima mu 1983, nthawi imene magazi sankayezedwa za kachilomboka monga achitira lero. Mu 1992 adaulula za matenda ake pagulu, nagwiritsa ntchito masiku ake otsala kuphunzitsa anthu za Edzi. Adamwalira ku New York pa 6 Febuluwale 1993 ali ndi zaka 49.

Mu 1997 ku New York kudatsegulidwa bwalo lalikulu la tenisi lotchedwa Arthur Ashe Stadium. Mwana amene ankaletsedwa kuponda mabwalo a mumzinda wa kwawo, dzina lake lidalembedwa pa bwalo lomwe ngwazi za mitundu yonse zimapikisanapo.

Mafunso

1. Kodi Arthur Ashe adayambira kuti kusewera tenisi?
2. Chifukwa chiyani Dokotala Johnson ankaletsa ana ake kukangana pa bwalo?
3. Fotokozani nzeru imene Ashe adagonjetsera Jimmy Connors.
4. Tchulani zinthu ziwiri zimene Ashe adachitira anthu a ku Afirika.
5. Kodi mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?