Jane Austen, mtsikana amene fizi inamuchotsa pasukulu

Ine ndikamva anthu akunyoza mabuku oseketsa a zachikondi, ndimakumbuka mayi Jane Austen wa ku England, wobadwa mu 1775. M'chaka cha 1785 iye ndi mkulu wake Cassandra anatumizidwa kusukulu yogonera komweko ya atsikana ku Reading. Ankaphunzira kusoka, kuvina ndi Chifalansa pang'ono, maphunziro okonzera mtsikana kuti adzakope mwamuna wa ndalama. Chaka chotsatira anabwerera kwawo poti bambo awo, mbusa wa mpingo, fizi inawakanika. Sukulu inathera pomwepo.

Koma msika wa maukwati uja anauonetsetsa, ndipo ndi umene ankauseka m'mabuku ake. Mu Emma mulinso kasukulu konga komweko. Mwiniwakeyo mu 1802 analola mwamuna wachuma, Harris Bigg-Wither, kutacha n'kumukana, chonsecho kwawo ndalama zinali zosowa. Ine pamenepa ndimamuvulira chipewa.

Amalonda inu tamvani izi: buku la Pride and Prejudice, lotuluka mu 1813, analigulitsiratu mapaundi 110 basi, phindu lotsatira n'kumadya wosindikiza. Anamwalira mu 1817 ali ndi zaka 41, dzina lake lisanaoneke pachikuto cha buku lake lililonse. Mu 2017 Angerezi anaika nkhope yake pa ndalama ya mapaundi 10.