Gertrude Ederle: Katswiri Wosambira Amene Anadzaphunzitsa Ana Osamva

Pakati pa France ndi England pali nyanja yamchere yotchedwa English Channel. Pamalo pamene ndi yopapatiza kwambiri pali mtunda wa makilomita pafupifupi 34, koma madzi ake ndi ozizira ndipo mafunde ake ndi aukali. Pofika chaka cha 1926, amuna asanu okha ndi amene anali atawoloka nyanjayi posambira, ndipo anthu ambiri ankakhulupirira kuti mkazi sangathe. Amene anathetsa mtsutsowu ndi mtsikana wa zaka 20, Gertrude Ederle.

Ederle anabadwira mumzinda wa New York ku America mu 1905. Makolo ake anachokera ku Germany, ndipo bambo ake anali ndi butchala. Ali mwana anadwala chikuku chimene chinamuwononga makutu, moti sankamva bwino. Luso lake linakulira ku bungwe la Women's Swimming Association, limene Charlotte Epstein anayambitsa pofuna kuti atsikana nawonso aziphunzira kusambira ndi kupikisana. Pa masewera a Olimpiki a mu 1924 ku Paris, Ederle anapata mendulo ya golide pa mpikisano wolandirana wa anthu anayi, komanso mamendulo awiri okhala pa nambala yachitatu.

Mu 1925 anayesa kuwoloka English Channel, koma mphunzitsi wake analamula kuti amutulutse m'madzi asanafike tsidya lina. Chaka chotsatira anabwereranso. Pa 6 Ogasiti 1926 anadzola mafuta thupi lonse kuti asazizidwe, n'kulowa m'madzi ku Cap Gris-Nez, m'dziko la France. Mafunde ankamukankhira uku ndi uku, moti anasambira mtunda wautali kuposa wolunjika. Patatha maola 14 ndi theka anaponda mtunda ku Kingsdown, m'dziko la England. Anaposa ndi maola pafupifupi awiri mwamuna amene anali ndi nthawi yabwino kwambiri. Atabwerera kwawo, chinamtindi cha anthu chinadzaza misewu ya New York kudzamuchingamira.

Kutchukako sikunakhalitse. Kwa kanthawi ankasambira m'zionetsero, ndipo mu 1927 anaoneka mufilimu yotchedwa Swim Girl, Swim. Koma vuto la makutu linkakulirakulira. Mu 1933 anagwa pamasitepe n'kuvulala msana, ndipo anakhala zaka zingapo akuvutika kuyenda. Analimbikira mpaka anasambiranso pamaso pa anthu pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1939. Pofika zaka za m'ma 1940 anali atatsala pang'ono kusiyiratu kumva.

Apa m'pamene anayamba ntchito imene mabuku ambiri amangoitchula modutsa. Kwa zaka zambiri anaphunzitsa kusambira ana a pasukulu ya Lexington School for the Deaf. Mwana wosamva akalowa m'madzi, mluzu kapena kufuula kwa mphunzitsi sikumuthandiza. Amafunika munthu womuonetsa ndi thupi mmene angaponyere manja ndi kupumira, mobwerezabwereza, mpaka mantha atatha. Ederle ankalidziwa vutoli chifukwa nayenso ankakhala nalo.

Anamwalira pa 30 Novembala 2003 ku Wyckoff, m'chigawo cha New Jersey, ali ndi zaka 98. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzapeza m'makalasi athu ana amene samva bwino ndi atsikana amene anauzidwa kuti masewera ndi a anyamata. Ederle anakumana ndi zonse ziwiri ali wamng'ono, ndipo anapeza anthu omuphunzitsa.